Injini ya Ndege Yomeza Mphepo Yofooka

Ku Chitipa, boma la kumalire kumene Malaŵi wakumana ndi Tanzania ndi Zambia, mphepo imaomba kwambiri m'nyengo ya chilimwe. Amayi akamauluza maŵere kapena nyemba amakweza lichero m'mwamba, popeza amadziŵa kuti mphepo ya pafupi ndi nthaka ndi yofooka. Chimodzimodzinso madzi a mumtsinje wa Songwe: pakati amathamanga, koma m'mphepete amayenda mwaulesi chifukwa chokhulana ndi gombe.

Zimenezi anazilongosola bwino m'chaka cha 1904 ndi katswiri wa ku Germany, Ludwig Prandtl, pamsonkhano wa ku Heidelberg. Iye anasonyeza kuti mpweya kapena madzi zikakhudza chinthu zimamatirira pamenepo, ndipo zimachedwetsa zinzake zimene zikudutsa pafupi. Mpweya wochedwawu m'Chingerezi umatchedwa boundary layer.

Ndege nayonso imakutidwa ndi mpweya wotere pamene ikuuluka. Kumphuno kwake umakhala wopyapyala, koma umanka nuchindikala cha kumchira, ndipo umaikokera ndegeyo m'mbuyo. Pofuna kuupeŵa, amisiri akhala akupachika injini kunsi kwa mapiko kuti fani yaikulu ya kutsogolo kwa injiniyo izikoka mpweya wosasokonezeka.

Tsopano akatswiri ena atembenuza nzeru imeneyi. Iwo akuti injini iikidwe kumchira, yomatirira kuthupi la ndege, kuti izimeza mpweya wofookawo ndi kuuponya m'mbuyo mwamphamvu. Chifukwa chake nchakuti kufulumizitsa mpweya wochedwa kumafuna mafuta ochepa kusiyana ndi kuonjezera liŵiro pa mpweya umene ukuthamanga kale.

Komatu pamenepa pali vuto. Fani ikamazungulira, tsamba lake lililonse limaloŵa mu mpweya wofooka, kenaka mu mpweya wamphamvu, kambirimbiri pa mphindi imodzi. Motero tsambalo limanjenjemera. Aliyense amene anadulapo waya pomupindapinda akudziŵa chimene chimachitikira chitsulo chikavutitsidwa motere. Tsamba likathyoka ndege ili m'mlengalenga, miyoyo ya anthu ambiri ikhoza kutayika.

Nchifukwa chake fani yotere iyenera kuyesedwa pansi pompano, anthu asanaikwere. M'chaka cha 2016 bungwe la NASA la ku America, mothandizana ndi United Technologies Research Center ndi sukulu ya Virginia Tech, linayesa fani ya mtundu umenewu pa Glenn Research Center mumzinda wa Cleveland. Anaiika m'ngalande yopemerera mphepo, ya mapazi 8 m'mwamba ndi mapazi 6 m'lifupi, mmene mphepo imaomba paliŵiro la ndege yonyamula anthu. Pansi pa ngalandeyo anapakweza dala kuti mpweya wochedwa uchindikale monga umachitira kumchira kwa ndege. Kenaka ankasintha liŵiro la mphepo, kuchindikala kwa mpweya wochedwawo ndi kazunguliridwe ka fani, uku akuyeza mmene masamba ankanjenjemerera. Faniyo inapirira. Malinga ndi kuŵerengera kwa NASA, ndege ya injini zotere ingapulumutse malita 4 mpaka 8 pa malita 100 alionse a mafuta.

Omvera ena angaone ngati malita amenewa ndi ochepa. Koma Malaŵi alibe doko la kunyanja yamchere; mafuta ake amachita kuchokera kutali, kudzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo mtengo wake umaloŵa mumtengo wa tikiti ya ndege. Lita lililonse losatenthedwa ndi ndalama yotsala, ndiponso utsi wocheperapo m'mlengalenga.

Ndege zonyamula anthu zokhala ndi injini zotere sizinayambe kuuluka. Amisiri ayenera kutsimikiza kuti masamba amene anapirira m'ngalande ku Cleveland angapirirenso zaka zambiri pa mvula, fumbi ndi mkuntho. Kufikira atatsimikiza, injini zikhalabe kunsi kwa mapiko.