Musanam'kweze mwana basi, funsani mafunso atatu

Awa ndi mau amene mphunzitsi wina wopuma pa ntchito anayankhula kwa makolo ndi mafumu pa tsiku lotsekera sukulu m'dera la Tsangano, m'boma la Ntcheu.



Lero tatsekera sukulu, ndipo sabata isanathe ena mwa inu mulandira alendo. Kudzafika mayi wotchena wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe, akufuna mtsikana wolera mwana. Kudzafika bambo wa lole, akuti ku esiteti ya fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji kukufunika anyamata. Wina adzati kutsidya kwa malire ku Mozambique kuli ng'ombe zosowa abusa. Tsono chimene ndaimirira pano ndi ichi: kodi mwana wa zaka 14, 15 kapena 16 ayambe ndi ntchito yotani?

Sindinabwere kudzanena kuti mwana azingokhala manja lende. Tonsefe tinakula ndi khasu, ndipo m'mera mpoyamba. Koma ilipo ntchito yolera mwana, iliponso ntchito yomudya mwana.

Dziko lino likuidziwa bwino ntchito yodya anthu. Makolo athu analima thangata m'minda ya azungu ku Chiradzulu ndi ku Thyolo, mpaka John Chilembwe anauka mu 1915. Abambo athu anathera mphamvu zawo m'migodi ya ku Joni, ndipo mu 1974 ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha a Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Pa 14 June 1993 ife a ku Ntcheu tinali m'gulu la osankha nyali, kufuna kuti munthu aliyense akhale ndi ufulu. Kodi ufulu umenewo tinavotera akuluakulu okha?

Malamulo akuti ayi. Ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko lino, amene tinalandira mu 1994, imateteza mwana ku ntchito yomudyera masuku pamutu, yoononga thanzi lake kapena yosokoneza maphunziro ake. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza ndimeyi kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la zantchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo kuyambira zaka 14 kufika 18 saloledwa ntchito yoopsa. Mu 2021 ulimi wa matenanti unaletsedwa. Komatu lamulo lili m'buku ku Lilongwe. Woyendera wa ku ofesi ya zantchito safika m'khitchini ya munthu ku Ndirande. Mlonda woyamba wa mwana ndinu makolo, atsibweni ake ndi mfumu ya m'mudzi. N'chifukwa chake ndikusiyirani mafunso atatu.

Funso loyamba: kodi sukulu ikatsegulidwa, mwanayu adzakhala m'kalasi? Ndinaphunzitsapo mtsikana wina wanzeru zedi pa masamu. Ali Sitandade 7 anabwera mayi wina nalonjeza kuti akam'lembetsa sukulu m'tauni, ndipo malipiro azitumiza kwa amayi ake. Mwezi woyamba ndalama zinafikadi. Kenaka zii. Patatha zaka ziwiri mwanayo anatsika basi pa mphambano ya ku Tsangano ali ndi chitenje chimodzi m'jumbo, sukulu sanaiponde ndi tsiku limodzi lomwe. Anandiuza kuti ankadzuka 4 koloko m'bandakucha kukonzera ana a eni nyumba madzi osamba kuti apite ku sukulu. Mwana wathu kutumikira sukulu ya ana a eni! Kuyambira 1994 sukulu ya pulaimale ndi yaulere. Ntchito imene ikum'landa mwana chimene boma linam'patsa kwaulere ndi yakuba, ngakhale ilipire bwanji.

Funso lachiwiri: kodi thupi lake lidzabwerako lamphumphu? Mwana si munthu wamkulu wofupika. Mafupa ake akukulabe. Tsamba la fodya likanyowa, chikonga chimalowa pakhungu, ndipo mwana amayamba chizungulire, kusanza ndi mutu. Mu 2009 bungwe la Plan linapeza kuti mwana wothyola fodya akhoza kulandira chikonga m'thupi ngati wasuta ndudu 50 pa tsiku. Ndipo tisaloze chala ku Kasungu kokha. Konkuno timam'bereketsa mwana mpope wa mankhwala kuti akapopere tomato ndi kachewere, wopanda chophimba pakamwa, wopanda nsapato. Timam'senzetsa thumba losokerera la mbatata limene ngakhale bambo ake amabuula nalo. Timam'lola kuthamangira mabasi pakati pa mseu wa M1 pa Lizulu, ngakhale kugulitsa m'malo omwera mowa usiku. Mu 2012 boma linatulutsa mndandanda wa ntchito zoletsedwa kwa ana, ndipo kugwira mankhwala ophera tizilombo ndi kugwira ntchito m'mabala zili momwemo. Dimba kukhala lanu sikuchotsa poizoni m'botolo.

Funso lachitatu: ntchitoyo ikadzatha, adzatsala ndi chiyani m'manja? Ndalama ya ganyu imathera pa msika tsiku lomwelo, koma luso salanda ndi munthu. Mnyamata wina wa m'kalasi mwanga ankapita Loweruka lokha kwa atsibweni ake okonza njinga. Anayamba n'kumata machubu, kenaka kuongola masipoko. Sanajombe ku sukulu, ndipo lero ali ndi benchi yakeyake, akuphunzitsa ena. Zoterezi zili pakhomo pathu pomwe: kupala matabwa, kusoka pa makina, kukhoma zidebe, kuweta nkhuku ndi nkhumba. Ngati muli ndi dimba, m'patseni mwana mizere yake ya kabichi. Alembe yekha m'kope mtengo wa mbeu ndi feteleza, akagulitse muli naye pafupi, awerengere yekha phindu kapena kuluza. Masamu amenewo sadzawaiwala. Akadzamaliza sukulu, bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, lilipo kuti luso lotere lidzakhale ndi satifiketi.

Ndikuona ena mukung'ung'udza kuti aphunzitsiwa akuyankhula ali okhuta. Ayi, ndikudziwa mtengo wa feteleza, ndikudziwanso kuti njala siwerenga malamulo. Ngati zavutadi kuti mwana wamkuluko apite, musam'pereke ngati mbuzi. Wom'tengayo aonekere kwa mfumu, atchule kumene amakhala, malipiro ndi tsiku lobwerera, zonse zilembedwe. Pakhale mbale wanu wokamuona. Wokana zimenezi, kapena wofuna kum'dutsitsa mwana malire m'njira zachidule kuzemba pa Biriwiri, kam'neneni kupolisi, pakuti kuyambira 2015 dziko lino lili ndi lamulo lolanga ozembetsa anthu. Mafumu, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Musalandire kangachepe kuti mutseke maso.

Potsiriza, mufunseni mwanayo. Zaka 30 tinakhala tikuuzidwa zochita popanda wotifunsa, ndipo tinadana nazo. Tisakhale boma la chipani chimodzi m'nyumba zathu. Khalani naye pansi, mumve chimene mtima wake ukufuna, mumuongole pamene akuphonya. Inunso ana, musatengeke ndi foni ya m'manja ndi magetsi a m'tauni. Safunsa anadya phula.

Sukulu ikadzatsegulidwa ndidzabwera kudzaima pa khomo apo, ndidzawerenga mitu. Ndikufuna ndidzakupezeni nonse.

 Mulungu adalitse ana athu.