Kupulumutsa Zojambula za Makina Opimira

Nkhani ya lero ikhudza onse amene nchito yao ndi kupima: a m'zipatala amene amajambula kugunda kwa mtima, amisiri a m'migodi amene amayang'anira kunjenjemera kwa makina, ndiponso akatswiri a zivomezi. Onsewa amaopa cinthu cimodzi. Munthu wajambula kwa maola asanu, magetsi azima mwadzidzidzi, ndipo poyatsanso kompyuta, pulogalamu imuuza kuti fayilo yaonongeka. Ambiri amangoifafaniza ndi kuyambanso. Koma zina sizibwerezeka. Civomezi sicingabwerenso kuti inu mucijambule bwino.

Tiyambe ndi mamangidwe a fayilo yotere. Makina opimira amawerenga kukula kwa cinthu cimene akupima kambirimbiri pa sekondi imodzi, nalemba manambalawo motsatana. Paokha manambalawa sanena kanthu. N'cifukwa cake patsogolo pao pamakhala kacigawo kochedwa mutu, kamene kamauza pulogalamu kuti makina anawerenga kangati pa sekondi, anali kupima zinthu zingati panthawi imodzi, nambala iliyonse itenga malo otani, ndiponso kuti zonse pamodzi n'zazitali bwanji. Mutuwu uli ngati kapepala komata pa thumba la cimanga; kakathothoka, cimanga sicicoka m'thumbamo.

Tengani fayilo ya mtundu wa WAV, imene a Microsoft ndi a IBM anatulutsa mu 1991. Mutu wake kawirikawiri ndi ma byte 44 okha, pamene mau a ola limodzi, ojambulidwa monga a pa CD, amapitirira ma byte mamiliyoni 600. Tsono mapulogalamu ambiri amalemba utali wa zojambula pamutupo potseka fayilo, pakuti poyamba sangadziwe kuti mudzajambula mpaka liti. Magetsi akazima fayilo isanatsekedwe, pamutu pamatsala ziro, ndipo pulogalamu imakhulupirira kuti mulibe kanthu, cikhalirenico manambala ali cikhalire.

Musanacite kanthu kalikonse, koperani fayiloyo, ndipo yoyambayo muisunge padera osaikhudza. Kuyesa konse kucitike pa yokoperayo. Musalembenso kanthu pa khadi kapena disiki imene munajambulirapo. Ici ndikucinena mwamphamvu cifukwa mapulogalamu ena okonzera mafayilo amalemba pamwamba pa zakale, ndipo akalakwa palibenso kobwerera.

Kukonza mutu sikubvuta ngati makina omwewo akalipo. Jambulani nao kwa mphindi imodzi, osasintha kacheredwe kao, tengani mutu wa fayilo yatsopanoyo, muuike pa yodwalayo, ndi kulembapo utali woona. Mapulogalamu ambiri amalolanso kutsegula manambala opanda mutu, inu n'kuwauza nokha zimene mutu ukananena.

Apa ndipo pali ngozi. Tinene kuti makina anali kuwerenga ka 1,000 pa sekondi, inu mwauza pulogalamu kuti ka 500. Cithunzi cidzaoneka bwino ndithu, koma zonse zidzayenda pang'onopang'ono, theka la liwiro lake lenileni. Mtima umene unali kugunda ka 80 pa mphindi udzaoneka ngati ugunda ka 40, ndipo dokotala angapereke cithandizo ca matenda amene wodwalayo alibe. Nanga mungadziwe bwanji nambala yoona ngati inaiwalika? Funani m'zojambulamo cinthu cimene liwiro lake mulidziwa kale. Magetsi a m'Zambia muno amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kaphokoso kao kamalowerera m'makina ambiri opimira. Amisiri amadana nako kaphokosoka, koma pa tsiku la tsoka ndiko kamakhala mboni. Mukakapeza pa 25 m'malo mwa 50, dziwani kuti nambala yanu iyenera kuwirikizidwa kawiri.

Nthawi zina zojambula zimayamba bwino, kenaka pakati n'kusanduka phokoso lokhalokha. Musataye mtima msanga. Ngati nambala iliyonse itenga ma byte awiri, ndipo byte imodzi yatayika, pulogalamu imalumikiza theka la nambala ina ndi theka la inzake mpaka kumapeto. Mukapeza pamene phokoso layambira ndi kusuntha kawerengedwe ndi byte imodzi, zonse zotsatira zimabwerera m'malo mwake.

Akatswiri a zivomezi anaphunzira zimenezi kale. Masiteshoni a Global Seismographic Network, imodzi mwa iyo ili ku Lusaka ndipo ichedwa LSZ, amasunga zojambula m'njira yochedwa miniSEED. M'menemo zojambula zimadulidwa m'tizigawo, kawirikawiri ta ma byte 512 kapena 4,096, ndipo kalikonse kali ndi mutu wakewake wonena dzina la siteshoni, nthawi, ndi kawerengedwe. Kamodzi kakaonongeka, tinzake timawerengekabe. Pogula makina opimira, nkwanzeru kufunsa ngati amasunga motere.

Ziliponso zimene sizibwerera. Ngati kunjenjemera kunaposa malire a makina, nsonga za mafunde zimaoneka zodulidwa, ndipo msinkhu wake weniweni sunalembedwe pena paliponse. Ngati masekondi khumi sanafike pa disiki, palibe pulogalamu imene ingawatulutse. Ena amatseka mpatawo ndi mzere wongoyerekeza kuti cithunzi cikongole, ena amadzazamo maziro. Zonse ziwirizi zimasokeretsa, pakuti ziro nayenso ndi nambala: kwa wa zivomezi atanthauza kuti nthaka inali bata, kwa dokotala kuti mtima unaima. Mpata muusiye woonekera, ndipo m'buku la nchito mulembe nthawi imene wayambira, nthawi imene wathera, nambala iliyonse ya pamutu imene munaika ndi dzanja lanu, ndi dzina la fayilo yoyamba ija imene munasunga padera.