Timauthenga ta m'magazi ndi khansa ya ana athu



M'maselo a thupi lathu muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa microRNA. Ntchito yake ndi kutsitsa mphamvu ya majini ena, monga timatsitsira voliyumu pa wailesi. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun adatulukira zimenezi mu 1993, ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 2024.

Mu 2002, George Calin ndi Carlo Croce adapeza kuti odwala ambiri a khansa ya m'magazi yotchedwa CLL alibe miR-15 ndi miR-16 zokwanira. Tiwiri timeneti timagwira chingwe jini ya BCL2, imene imaletsa selo kufa. Tikasowa, maselo ofunika kufa amangounjikana. Mu 2008 kudapezekanso kuti miR-155 imachuluka m'magazi a odwala lymphoma ya mtundu wina. Chiyembekezo n'chakuti tsiku lina magazi ochepa chabe adzaulula matenda msanga.

Nanga kwathu zikutikhudza bwanji? Ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, imodzi mwa khansa zofala pakati pa ana ndi Burkitt lymphoma, yotupitsa nsagwada kapena mimba. Imayenda limodzi ndi malungo komanso kachilombo ka Epstein-Barr, kamene mu 2004 kadapezeka kuti kamapanga microRNA yakeyake. Chotupacho chimakula m'masiku owerengeka, choncho kuchedwa kuyeza n'kutaya mwana.

Koma tisapupulume. Mu 2016 kuyesa mankhwala a MRX34 kudaimitsidwa odwala ena atamwalira, ndipo mankhwala a khansa a mtunduwu akadali pa kafukufuku. Wina akamagulitsa pa WhatsApp, n'tambwali.

Pempho langa ndi ili. Kafukufuku wambiri wa majini wachitika pa magazi a azungu, ndipo chipangizo choyezera chimadziwa okhawo amene chidaphunzirirapo. Kuno ku Glasgow kuli Paul O'Gorman Leukaemia Research Centre, ndipo University of Glasgow imagwira ntchito ndi KUHeS. Adokotala akatipempha kulowa m'kafukufuku, tifunse zonse mpaka timvetse, koma tisathawe poopa mphekesera za anamapopa. Ndipo poimba foni kumudzi, tiwauze abale kuti mwana akatupa nsagwada kapena mimba athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo.