Mawu a azakhali kwa akwati

Ine ndine zakhali wake wa mkwatibwiyu, mlongo wa bambo ake. Za kuchipinda anakuuzani kale anankungwi, za chikondi anena abusa m'mawa uja. Ine yanga ndi ya maso.

Mwana wanga, mawa udzadzuka m'nyumba ya lendi, mbaula pakhonde, mipando iwiri. Sabata isanathe udzatsegula foni n'kuona mnzako wa kusukulu atakhala pa sofa yatsopano, wina akujambulitsa ku Johannesburg. Mtima udzayamba kuwerenga zimene mulibe. Kumbukira kuti palibe amene amaika pa WhatsApp chithunzi cha ngongole ya katapila. Ndaona mabanja akutha ufa uli m'nyumba, ndiwo zilipo, palibe womenya mnzake, kungoti maso anali kuseri kwa mpanda.

Mphatso ikachedwa, anthu adzafunsa, chifukwa pakamwa pa anthu sipatsekeka. Musalozane zala. Pitani kuchipatala nonse awiri, poti vuto limatha kukhala mbali iliyonse, ndipo pobwera kumeneko mudye nsima yanu mosangalala. Masiku okhala awiriwiri ndi ochepa m'banja.

Mwana akabwera, tulo timasamuka. Miyezi 6 yoyamba ndi bere lokhalokha, usana ndi usiku, osampatsa ngakhale madzi. Kenako phala, matewera pachingwe, sikelo mwezi ndi mwezi, katemera wa chikuku pa miyezi 9. Iwe uli pantchito, ndipo masabata 8 a tchuthi cha uchembere amene lamulo limanena amatha ngati dzulo. Pamenepo ndi pomwe amayi ambiri timanena kuti, "Akadzayamba kuyenda ndidzapuma." Akayenda, wayamba kuthamangira kumoto, ndiye timati, "Akadzayamba sukulu." Akayamba sukulu, yunifomu, makope, fizi. Timangokankhira chimwemwe kutsogolo mpaka tsiku lomuperekeza kudepoti ndi chikwama.

Mwana amakwana kumsana zaka ziwiri, zikachuluka zitatu. Ukam'bereka pa chitenje uku ukuvundula nsima, iye n'kumakoka duku, kampweya kake kofunda kakukugunda pakhosi, usamangomva kulemera kokha. Tsiku lina udzam'masula osadziwa kuti sudzam'berekanso. Mlimi sakwiyira chimanga chake mu Januwale kuti sichinakhwime. Amathyola nkhwani m'mizere momwemo, n'kutendera, ana n'kudya.

Kutopa udzatopa ndithu, mwinanso kulira kumene. Nena. Mayi wotopa si mayi woipa.

Tsopano inu bambo. Mkazi sangakhutire ndi banja limene akulisenza yekha. Mwana akalira pakati pa usiku si wa mayi ake okha, mudzuke mum'yangate. Kusikelo sathamangitsa amuna. Ndalama ya mwezi, kaya ndi yochepa bwanji, aidziwe mnzanuyu, chifukwa chimene chimapweteka mkazi si kuchepa kwake koma kubisa. Thupi lake lidzasintha akabereka. Musadzamuyerekeze ndi atsikana a mumsewu, thupi limenelo lakubalirani mwana. Ndipo maganizo a ku Joni akadzakufikirani, mukhale pansi awiri muwerenge bwino, ndalama zake ndi zaka zimene mwana adzakhale akukudziwirani pafoni.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mukhale manja lende. Lowani banki m'khonde, gulani malata limodzilimodzi, umbani njerwa chilimwe chino ngati malo alipo. Koma pomanga nyumba ya mawayo musanyoze imene mukugonamo lero. Sindikunenanso zopirira nkhanza, iyayi. Ife a kale tinauzidwa kuti banja n'kupirira, ndipo ena anapirira mpaka kumanda. Dzanja likadzakwezedwa, ankhoswe ndi awa akhala apawa, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit.

Otsala ndinu abale, a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe. Nthawi zambiri amene timalowetsa mphepo m'nyumba za ana ndife. Tikapita kukacheza timayamba kuwerenga mipando, kufunsa za mimba, kunena za mwana wa uje amene wagula galimoto. Zimenezo zithere pano. Mukafuna kukawaona anawa, imbani kaye foni, nyamulani kaufa kapena nkhuku, ndipo tsiku lobwerera mulinene pofika pomwe.