Chitsulo cha M'kamwa mwa Kavalo



Mzinda uno wa Johannesburg uli ndi akavalo a mitundu iwiri. Kummwera kwa mzinda kuli bwalo la mijaha la Turffontein, limene linayamba mu 1887, patangopita chaka chimodzi golide atapezeka. Akavalo a kumeneko amadya bwino ndipo ali ndi madokotala awo. Koma m'misewu ina ya ku Soweto muli akavalo ena, okoka ngolo za malasha ndi zitsulo zakutha. Onsewa amafanana pa chinthu chimodzi: amayenda ndi chitsulo m'kamwa. Yakobo anachitchula chitsulochi pa mutu 3 ndime 3 pophunzitsa za lilime, ndipo ulaliki wa lilimewo taumva kambirimbiri. Lero tiyeni tisuzumire m'kamwa mwa kavalo mwiniwakeyo, pakuti Miyambo 12:10 imayesa chilungamo cha munthu ndi mmene asamalira chiweto chake.

Chigaza cha nyama chimaulula chakudya chake. Cha fisi chili ndi mzera wa fupa wotumphuka pamwamba, pamene pamagwira minofu yokoka nsagwada. N'chifukwa chake amaphwanya fupa ngati chinangwa chouma. Ng'ombe ilibe mano apamwamba kutsogolo. Imakolola udzu ndi lilime n'kuupanikiza pa nkhama yolimba. Kavalo ndi bulu ali ndi mano 12 odulira udzu kutsogolo, ndi ena 24 operera mkati. Pakati pa magulu awiriwa pali mpata wopanda mano operera, ndipo chitsulo chija chimakhala pamenepo.

Abale ndi alongo, pano tiime pang'ono. Pampata umenewu fupa la nsagwada ya pansi langokutidwa ndi kachikopa kopyapyala, kodzaza ndi mitsempha yomva ululu. Tikakoka chingwe, mphamvu ya dzanja lathu imagwera pa lilime ndi pa fupa limenelo. Ndiye chinsinsi chake kuti nyama yolemera makilogalamu 500 imatembenuka ndi dzanja la kamnyamata. Sikuti chitsulocho n'champhamvu ayi. Chagwira malo ofewa. Tsono taganizirani munthu amene, posowa ndalama, wapinda waya n'kumuika pamenepo. Ife tikuona kuti umphawi umafotokoza chifukwa chake, koma suchotsa bala.

Palinso china chimene sichioneka kunja. Mano operera a kavalo amatumphukabe pang'onopang'ono, mamilimita awiri kapena atatu pachaka, kulowa m'malo mwa amene akuperepeseka. Popeza nsagwada yapamwamba ndi yotakata kuposa yapansi, m'mphepete mwa mano mumasanduka mipeni, yocheka tsaya ndi lilime. Kavalo wotere amagwetsa chakudya, amaonda, amapukusa mutu. Mwini wake amati ndi mwano, n'kutenga chikwapu, pamene chofunika chinali munthu wodziwa kupala manowo. Mtsempha woyendetsa milomo nawonso umadutsa patsaya, pansi penipeni pa chikopa. Chomangira cholimba chikaupanikiza nthawi yaitali, mlomo umalendewera. Ndipo kavalo sapumira pakamwa monga ife: mphuno ndiyo njira yokhayo ya mpweya wake, kotero chingwe chotsikira pamphuno chimam'tsamwitsa ali pa ntchito.

Wina adzafunsa kuti, tingadziwe bwanji, poti nyama siyankhula? Mlengi sanaisiye yopanda umboni. Pansi pa chikopa cha nkhope anaikapo timinofu topyapyala toyendetsa makutu, zikope, mphuno ndi milomo. Khutu limodzi lokha la kavalo lili ndi minofu 10. Mu 2015 akatswiri a ku University of Sussex ku England anawerenga mayendedwe 17 osiyana a nkhope ya kavalo, kuposa 16 a galu. Ndipo inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za kuno mukumudziwa galu: mmene amakwezera nsidze mukamadya, mpaka mtima kufewa. Kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti kamnofu kochita zimenezi kali bwino mwa galu, koma mwa mimbulu, makolo ake akutchire, kangokhala timaulusi chabe. Galu amadziwa kupempha. Kavalo ndi bulu ndi nyama zosakidwa ndi zilombo, ndipo zimabisa kufooka. Bulu ndiye amabisa koposa. Chifukwa chake tiyenera kuphunzira kuwerenga.

Mu 2014 Emanuela Dalla Costa wa ku Milan ndi anzake analemba zizindikiro zisanu ndi chimodzi za ululu pankhope ya kavalo. Makutu amauma atatembenukira kumbuyo. Maso amatsinzina pang'ono, ndipo pamwamba pake pamakwinyika. Minofu ya patsaya imatumbika ngati akukukuta mano. Milomo imakanikizana mpaka chibwano kuonekera, mphuno n'kukokeka. Izi sizifuna sukulu. Zimafuna kuima pamaso pa nyama ndi kuyang'ana.

Mukukumbukira Balamu pa Numeri 22. Anamenya bulu wake katatu, pamene buluyo ankaona zimene mwini wake sankaziona. Mulungu anachita kutsegula pakamwa pa nyamayo kuti mneneri amve. Ife sitiyembekeza chozizwitsa chimenecho kachiwiri.

Choncho m'bale woyendetsa ngolo ku Soweto, ndi inu a ngolo za abulu ku Lilongwe ndi ku Dedza, madzulo ano mukamasula nyama yanu, musathamangire kunyumba. Chotsani chitsulocho, muone ngati chili ndi magazi. Kwezani mlomo bwinobwino, muyang'ane m'ngodya za pakamwa ndi pampata paja. Mukapeza bala, mawa nyamayo isavale chitsulo.