ULENDO WA WOIMBA KU NASHVILLE NDI KU BRISTOL

Usiku uno sindinadze kudzakuimbirani ai, koma kudzakusimbirani za ulendo umene ndinayenda ku Amereka, gitala wanga ali kumsana. Ambiri a inu mundidziwa monga munthu woimba nyimbo za Jim Reeves m'mahotela ndi pa maukwati. Ndinayamba kuzimva ndiri mwana pa galamafoni ya amalume anga, ndipo zaka zambiri ndinalimbana ndi mmero wanga kuti ufanane ndi wace. Cotero mtima wanga unakhumba kukaona kumene nyimbo zimenezi, zochedwa country, zinacokera.

Ndinayamba kufika ku Nashville, mzinda waukuru wa cigawo ca Tennessee. Pakati pa mzindawo pali nyumba ya njerwa zofiira, dzina lace Ryman Auditorium. Anaimanga m'caka ca 1892 kuti ikhale nyumba yopemphereramo, ndipo anthu akhalabe pa mabenci onga a m'chalichi. Kuyambira 1943 kufikira 1974 m'menemo ndimo munali kucitikira Grand Ole Opry, ndiyo programu ya nyimbo imene wailesi ya WSM inayamba kuulutsa m'caka ca 1925. Alimi a kutali anali kusonkhana pa wailesi Loweruka usiku, monga momwe makolo athu anacitira pamene mawailesi onga saspani anafika m'midzi yathu. Pamene Opry inasamukira ku nyumba yatsopano, anadula cigawo ca matabwa a pa malo oimbirapo akale, nakaciika pakati pa malo atsopano, kuti woimba ali yense aime pamene anaima akuru ace.

M'mawa mwace ndinapita ku RCA Studio B, kanyumba kosaoneka bwino kunja, kamene Jim Reeves anajambuliramo nyimbo zace zambiri asanafe pa ngozi ya ndege pa 31 July 1964. Ndinaima m'cipindamo cinunu, cipewa ciri m'manja.

Usiku womwewo ndinalowa m'nyumba ina yodyeramo, kumene ali yense wolembetsa dzina aloledwa kuimba. Ndinaimba nyimbo ya Jim Reeves imene imaliritsa anthu kuno kwathu. Omvera anga, palibe amene anaika foloko pansi. Anaomba m'manja mwaulemu, napitiriza nkhani zao. Mnyamata amene anandisatira anaimba ndi mau oposa anga kutari, ndipo ndinamva kuti usana nchito yace ndi yotsuka mbale. Ndinabwerera kogona ndi manyazi, ndi kudzifunsa kuti, kodi ndinagulitsiranji ng'ombe ziwiri kuti ndidzapereke kwa eni ace cinthu cimene ali naco kale?

Patapita masiku awiri ndinayenda mamailosi pafupi 300 kum'mawa, kufikira ku Bristol, m'dziko la mapiri. Mseu waukuru wa mzindawo ndiwo malire: tsidya lino Tennessee, tsidya ilo Virginia. Kumeneko, m'miyezi ya July ndi August 1927, Ralph Peer wa kampani ya Victor anadza ndi makina ojambulira mau, naitana anthu a m'mapiri kuti adzaimbe. Anajambula nyimbo 76. Mwa amene anadza munali Jimmie Rodgers, munthu wa nchito ya pa njanji, wodwala cifuwa cacikuru, cimene cinamupha m'caka ca 1933 ali ndi zaka 35 zokha. Munalinso banja la a Carter: A.P. Carter, mkazi wace Sara, ndi mlamu wace Maybelle.

M'nyumba yosungiramo mbiri ya masiku amenewo ndinakhala tsiku lathunthu, kumvera ndi kuwerenga. Anthu awa sanali olemera kapena ophunzira kwambiri. Anaimba za sitima, za ndende, za munda, za mai womwalira, za mwamuna wopita kutari kukafuna nchito. Ndipo anaziimba ndi kalankhulidwe ka kumudzi kwao, kamene a m'mizinda anali kukaseka. Pamenepo ndinazindikira cifukwa cace atate athu a ku migodi ndi a pa njanji anazikonda nyimbozi ngakhale sanamve Cingerezi conse: anamva cisoni conga cao.

Ndinaphunziranso cina. Banjo, imene anyamata athu amapanga ndi cigubu ca mafuta ndi waya, mizu yace iri ku Afrika. Akapolo ndiwo anapita nayo nzeruyo ku Amereka. Ndipo A.P. Carter poyenda m'midzi kufunafuna nyimbo zakale, anatsagana ndi munthu wakuda woimba gitala, Lesley Riddle, amene anali kusunga maimbidwe ace pamtima pamene Carter anali kulemba mau.

Loweruka ndinapita ku Hiltons, kumudzi kwa a Carter, kumene mwana wao Janette anayambitsa kuimba kwa Loweruka liri lonse m'caka ca 1974, naika lamulo lakuti zoimbira za magetsi zisaloweko. Kuimba kusanayambe, anthu ena okalamba anali kuimba panja pafupi ndi magalimoto ao. Poona gitala wanga anandiitana. Ndinafuna kuyambanso ya Jim Reeves, koma nkhalamba ina ya banjo inati, "Imeneyo tiidziwa. Kwanu muimba ciani?"

Ndinatsitsa mutu, ndi kuyamba nyimbo imene ndinapeka ndekha m'Cinyanja, ya mnyamata wa ku Chipata wopita ku migodi ya ku Kitwe, wosiya amace ndi khasu. Ndinali ndisanaiimbepo m'hotela, poyesa kuti ndi ya kumudzi. Ndime yoyamba isanathe, banjo inali itandipeza. Pa yaciwiri mai wina anapolokoza wosadziwa mau. Nditatha anandifunsa tanthauzo lace, ndipo nditawauza, nkhalamba ija inati atate ace anagwira nchito m'mgodi wa malasha kufikira cifuwa cinawatha.

Tsono, anyamata inu amene muphunzira gitala, Jim Reeves mumvereni ndithu. Adzakuphunzitsani kuimba mofatsa ndi kuchula mau momveka. Koma akuru anati khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Ine langa linathyokera ku Nashville, nditalima nalo zaka makumi awiri. Yang'anani za pakhomo panu, ndi kuziimba m'cinenero ca amai anu. Sabata la mawa ndidzakuimbirani nyimbo ya mnyamata wa ku Chipata ija. Gonani bwino.