Gogomole ndi Mizinga: Za Ndalama Zosungira Cilengedwe pa Malo a Asilikali

Lero tiwoloka nyanja yaikulu ya Atlantic kunka ku United States of America. Aphunzitsi, ngati muli ndi mapu a dziko lonse lapansi, apacikeni pakhoma. Mwana mmodzi aloze cigawo ca North Carolina, kugombe la kum'mawa, wina aloze California, kugombe la kumadzulo. Malo awiri amenewa ndiwo tikaceze.

Kodi mukamva mau akuti malo a asilikali muganiza ciani? Kapena muganiza mpanda wa waya waminga, mlonda ali ndi mfuti pacipata, ndi mizinga yolira kutali. Zonsezo nzoona. Koma kuseri kwa mpandawo kuli thengo lalikulu, pakuti cipolopolo ca mzinga ciuluka makilomita ambiri, ndipo sicingaomberedwe pafupi ndi midzi. Malo onse a asilikali a ku America akwana mahekitala pafupifupi 10 miliyoni. Nkhalango yathu ya Kafue, imene iposa nkhalango zonse zosungiramo nyama m'Zambia, ingalowemo kanayi, malo nkutsalako.

M'malo otere anthu salima, samanga nyumba, ndipo saloledwa kuyendamo mwacisawawa. Tsono zaka zikamapita, kunja kwa mpanda mitengo ikutha ndi mizinda ikukula, koma mkati thengo likhala monga linaliri kale. Mu 1990 ndi m'zaka zotsatira anthu anayamba kuwerenga bwino zamoyo za m'malowa, ndipo mu 2008 akatswiri anaonetsa kuti, poyerekeza hekitala ndi hekitala, malo a asilikali ali ndi mitundu yambiri ya nyama ndi zomera zotsala pang'ono kutha kuposa nkhalango zimene boma linapatula dala kuti zisunge nyama. Palibe anakonza zimenezi; zinangocitika cifukwa ca mpanda.

Komatu mpanda wokha sukwanira. Pafunika anthu odziwa, ndipo anthu odziwa afuna malipiro. Mu 1960 Nyumba ya Malamulo ya ku America inapanga lamulo lochedwa Sikes Act, lolola asilikali kugwirizana ndi osunga nyama ndi nsomba. Mu 1997 lamulolo analilimbitsa: msasa uli wonse wokhala ndi thengo lofunika unayenera kulemba dongosolo la kasungidwe kake. Pakati pa zaka ziwirizi, mu 1990, Nyumbayo inapatula thumba lapadera la ndalama, dzina lake Legacy Resource Management Program. Liu loyambalo litanthauza colowa, cinthu cimene makolo asiyira ana. Caka coyamba anaikamo madola 10 miliyoni. Nchito yake yoyamba inali kuwerenga ndi kulemba zonse ziri m'malo a asilikali: mbalame, zomera, mapanga, manda, mabwinja ndi nyumba zakale. Thumba limeneli silinali lalikulu poliyerekeza ndi mtengo wa ndege zankhondo, ndipo nchito yambiri ya tsiku ndi tsiku inalipiridwa ndi ndalama za misasa yeniyeniyo. Koma zonse zinali za msonkho wa anthu.

Mwina wina mwa inu afunsa kuti, “Nanga boma litayirenji ndalama za nkhondo pa mbalame?” Funso limeneli nlabwino, ndipo tiliyankha ndi nkhani ya kambalame kamodzi.

Ku North Carolina kuli msasa waukulu wochedwa Fort Bragg, umene unayamba mu 1918. M'nkhalango zake za mitengo ya paini mukhala mtundu wina wa gogomole, mbalame ija imagogoda mitengo ndi mlomo. Msinkhu wake uli ngati wa pumbwa, nthenga zake nzakuda ndi zoyera, ndipo yamphongo iri ndi kamzere kofiira pambali pa mutu, kobvuta kukaona. Agogomole ena aboola mitengo youma, koma uyu ayi. Iye aboola mtengo wamoyo, wokalamba, wa zaka 60 kapena kuposa, umene mtima wake wayamba kufewa. Mphako imodzi imtengera caka cathunthu, nthawi zina zaka zingapo. Akatha, agogoda timabowo kuzungulira khomo kuti utomoni utuluke ndi kuyenderera pamtengo. Njoka ikamakwera kudzadya mazira, utomoniwo uimata m'mamba, ndipo igwa pansi. Taonani nzeru zake! Ndiponso mbalamezi zikhala pabanja: ana aamuna a caka catha atsalira kuthandiza makolo kufungatira mazira ndi kudyetsa anapiye, monga mmene inu muthandizira kulera ang'ono anu.

Kale nkhalango za paini wa mtundu umenewu zinakuta mahekitala oposa 30 miliyoni kum'mwera kwa America. Anthu anazidula mpaka panatsala magawo atatu okha mwa 100. Kunalinso colakwa cina: anthu analetsa moto. Nkhalango imeneyi ifuna moto wofatsa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, wotentha zitsamba zapansi ndi kusiya mitengo yaikulu. Popanda moto zitsamba zikula, zifika pakhomo la mphako, ndipo mbalame isamuka. Inu a kumidzi simudabwa nazo izi, pakuti mudziwa kusiyana kwa moto wa mu June, udzu ukali ndi cinyezi, ndi moto wolusa wa mu October umene upha mitengo. Mu 1970 boma linalemba gogomole ameneyu pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutha.

Pa Fort Bragg mbalameyi inatsalako, cifukwa mitengo yokalamba inalipo, ndipo mabomba anali kuyatsa moto caka ndi caka. Koma ciwerengero cinali kutsika. Mu 1990 cigawo ca boma coyang'anira nyama ndi nsomba cinagamula kuti zocita za msasawo ziika mbalameyi pangozi. Mitengo ya mphako anaipaka mizere yoyera, ndipo asilikali analetsedwa nchito zambiri pa mtunda wa mamita 60 kuzungulira mtengo uli wonse. Ganizani mkwiyo wa mkulu wa asilikali amene auzidwa kuti akasinja ake akhote cifukwa ca kambalame! Kunena zoona, dandaulo lake linali ndi mutu: msilikali amene sanaphunzire bwino angathe kufa kunkhondo.

Apa ndipo ndalama zinagwira nchito. Msasa unalemba akatswiri a mitengo ndi mbalame. Iwo anayamba kutentha thengo mwadongosolo, cigawo ciri conse kamodzi pa zaka zitatu. Anakwera m'mitengo ndi makwerero, naboola mphako ndi makina kapena kulowetsamo timabokosi ta matabwa, kotero kuti nchito imene mbalame ikanaigwira zaka inatha tsiku limodzi. Anapiye anawabveka timphete ta mitundu kumiyendo kuti adziwe banja liri lonse. Mu 2002 Nyumba ya Malamulo inalolanso asilikali kuthandiza kugula malo oyandikana ndi misasa, kapena kulipira eni ake kuti asamangepo nyumba, kuti mbalame zipeze kokhala ngakhale kunja kwa mpanda.

Pofika mu 2005 mabanja a gogomole m'dera la Fort Bragg anakwana ciwerengero cimene boma linafuna, ndipo pambuyo pake zoletsa zambiri zinacotsedwa. Asilikali anapezanso kuti nkhalango yotenthedwa bwino, yopanda zitsamba zowirira, ndiyo yabwino kuphunziriramo, pakuti munthu aona kutali ndipo ayenda msanga. Mu 2024 mbalameyi anaicotsa pa gulu la zotsala pang'ono kutha naiika pa gulu lotsatira, la zofunikabe kuziyang'anira. Pa msasa womwewo pali gulugufe wofiirira amene anapezeka mu 1983, ndipo sapezeka kwina kuli konse padziko lapansi. Ambiri a iwo akhala m'madambo a pamalo pogwera mabomba penipeni.

Tsopano mwana uja analoza California aimirirenso. Kumeneko, m'cipululu ca Mojave, kuli malo ochedwa China Lake, kumene asilikali a pamadzi ayesera zida zao kuyambira 1943. M'zigwa za mapiri a Coso, mkati mwa mpanda, muli zithunzi zikwi makumi ambiri zimene eni dziko akale anagoba pamiyala yakuda. Zambiri nza nkhosa zakuthengo za nyanga zazikulu, zina nza anthu osaka. Mu 1964 boma linalengeza malowa kukhala cikumbutso ca dziko lonse. Munthu salowamo popanda cilolezo, ndipo ncifukwa cake zithunzizo zasungika bwino koposa zambiri za kunja kwa mpanda. Ife kuno Kum'mawa tiri nazo zithunzi za makolo pamiyala ya Thandwe, Mkoma ndi Katolola. Zathu nzopaka utoto, zao nzogoba, koma mdani wake ndi mmodzi: munthu wolemba dzina lake pamwamba pa nchito ya makolo.

Tisaganize kuti zonse nzokoma. Mpanda umene usunga zithunzi za ku Coso utsekerezanso zidzukulu za eni dziko, amene ayenera kupempha cilolezo kuti akafike ku akasupe otentha amene makolo ao anawayesa opatulika. Ndipo asilikali aononganso nthaka ndi madzi. Pa msasa wa Camp Lejeune, ku North Carolina komweko, madzi akumwa anali oipitsidwa ndi mankhwala kuyambira 1953 mpaka 1987, ndipo anthu ambiri anadwala. Ine ndiona kuti ndalama zimenezi si mphatso imene asilikali apatsa mbalame. Nthaka nja anthu onse, asilikali angoibwereka, ndipo wobwereka khasu la mnzake salibweza lothyoka mpini.

Aphunzitsi, nkhani ikatha gawani ana m'magulu awiri. Gulu loyamba likhale mkulu wa asilikali wa mu 1990, linene zifukwa zake zokanira mizere yoyera ija. Laciwiri likhale katswiri wa mbalame, liyankhe. Pambuyo pake mwana ali yense akafunse agogo kunyumba ngati pafupi ndi mudzi pali malo amene anthu saloledwa kudulamo mitengo, monga nkhalango ya kumanda, ndipo akalembe maina a mitengo ndi mbalame zimene zipezeka kumeneko koma sizionekanso kuminda. Ana asalowemo okha; maina akawamve kwa akulu.